Funsani za Kanema: Kodi mafilimu akale otchukawa ndi oyeneradi kutamandidwa?

Makalata ambiri a mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi, ya mafilimu akale amene akatswiri amati ndi opambana onse. Ena mwa inu munagona filimu ili pakati, ena inakupsetsani mtima, ena mukufuna kudziwa amene anawasankha. Tatengapo makalata asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndinawerenga kuti Citizen Kane ndi filimu yoposa zonse. Ndinaionera mpaka kumapeto koma sindinaonepo chodabwitsa. Ndi nkhani ya munthu wolemera amene anafa ali yekhayekha, basi. Vuto ndi ine, kapena anthu amangoikokomeza? (Mphunzitsi wa sekondale, Zomba)

YANKHO: Aphunzitsi, vuto si inu. Mwaionera mutaonera kale mafilimu mazanamazana amene anatengera nzeru zake, ndiye zimene zinadzidzimutsa anthu mu 1941 kwa inu n'zozolowereka. Wobadwa msewu wa phula ulipo kale sadabwa nawo.

Orson Welles, dairekita wa filimuyi amenenso anasewera Kane, anali ndi zaka 25 pamene filimuyi inkatuluka, ndipo inali yake yoyamba yaitali. Wogwira kamera anali Gregg Toland. Masiku amenewo ku Hollywood chizolowezi chinali choti wolankhula aoneke bwino, zakumbuyo kwake zikhale mbuu, kenako adule n'kuonetsa nkhope ya woyankha. Toland anafuna kuti chapafupi ndi chakutali zioneke bwino nthawi imodzi, njira imene amaitcha deep focus. Kuti zitheke anagwiritsa ntchito lenzi yoona patambalala, n'kuchepetsa kabowo kolowera kuwala kufika pa f/8, nthawi zina kuchepera pamenepo. Kabowo kakachepa kuwala kumalowa kochepa, choncho anawonjezera nyale zamphamvu kwambiri ndi filimu yogwira kuwala msanga. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, chithunzi chimada kapena chakumbuyo chimasokonekera.

Bwererani pamalo pamene Kane ali mwana ku Colorado. Pafupi ndi kamera mayi ake akusainira mapepala omupereka m'manja mwa mkulu wa banki. Chapakati paima bambo ake, akudandaula koma palibe akuwamvera. Kutali, kudzera pawindo, mwanayo akusewera m'chipale chofewa osadziwa kanthu. Onse akuoneka bwinobwino m'chithunzi chimodzi, ndipo diso lanu ndi limene likusankha woyang'ana. Onaninso pamene Kane ndi mkazi wake woyamba akudya chakudya cha m'mawa. M'mphindi ziwiri kapena zitatu banja la zaka zambiri likuzirala pamaso panu: mawu akufupika, nkhope zikuuma, pomaliza aliyense akuwerenga nyuzipepala yake, ya mkaziyo ili ya opikisana ndi mwamuna wake, ndipo kamera ikabwerera m'mbuyo mukupeza kuti akhala motalikirana. Palibe wanena kuti chikondi chatha. Pofuna kuti Kane aoneke ngati chimphona anaboola pansi n'kuikamo kamera, ndipo poti kamera yoyang'ana m'mwamba imaonetsa denga, anamanga madenga a nsalu n'kubisa maikolofoni pamwamba pake.

Yesani izi: onerani malo amenewa kawiri, kachiwiriko mutatseka mawu. Imitsani chithunzi n'kudzifunsa kuti wamkulu m'chithunzimu ndani, wakutali ndani, ndipo adula kangati. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe mbiri yake ili ndi zowonjezera. Deep focus sinayambire apa. Jean Renoir wa ku France ankaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1930, ndipo Toland yemweyo anali ataiyesa kale. Filimuyi ndi yozizira mtima, ndipo n'zomveka kuti munthu aisirire koma osaikonda. Ife tikuti pa luso ndi yoyenera ulemu wonse. Koma dzina loti "yoposa zonse" ndi katundu amene palibe filimu ingamusenze, ndipo ndi dzina limeneli lakugwiritsani fuwa lamoto.

FUNSO: Amene amasankha kuti filimu iyi ndi nambala wani ndi ndani kwenikweni? (Wowerenga wa ku Chipata, Zambia)

YANKHO: Mndandanda umene umatchulidwa kwambiri ndi wa magazini ya Sight and Sound, ya bungwe la British Film Institute ku London. Kuyambira mu 1952, zaka khumi zilizonse amafunsa olemba za mafilimu, aphunzitsi a kanema ndi osunga mafilimu kuti aliyense atchule mafilimu khumi. Filimu ikatchulidwa yapeza voti imodzi. Mu 1952 inapambana Bicycle Thieves ya ku Italy, imene inali itangotha zaka zinayi. Citizen Kane inakhala pamwamba kuyambira 1962 mpaka 2002. Mu 2012 inagwetsedwa ndi Vertigo ya Alfred Hitchcock, ndipo mu 2022 pamwamba panafika Jeanne Dielman ya Chantal Akerman wa ku Belgium, ya mu 1975, yotalika maola opitirira atatu, yoonetsa mayi wamasiye akugwira ntchito za pakhomo tsiku ndi tsiku.

Mafilimuwo sanasinthe, anasintha ndi ovota. Mu 2012 anavota anthu 846, mu 2022 anavota 1,639, ndipo Jeanne Dielman, imene mu 2012 sinali n'komwe mwa 30 oyambirira, inakwera mpaka pamwamba. Kawerengedwe nako kali ndi mphamvu. Mu 2002 The Godfather ndi gawo lake lachiwiri anaziwerengera pamodzi ndipo zinalowa mwa khumi oyambirira. Mu 2012 atazilekanitsa, zonse ziwiri zinatulukamo. Dairekita amene ali ndi mafilimu abwino ambiri mavoti ake amagawikana, pamene wa filimu imodzi yodziwika amakolola onse.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira n'chakuti munthu amavotera chimene anachiona. Filimu ya Renoir yotchedwa The Rules of the Game inakanidwa ndi anthu mu 1939, anaidula, ndipo negativi yake, tepi yoyambirira yokoperako makope ena, inawonongeka ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anaisonkhanitsanso mu 1959, ndipo ambiri anaiona yathunthu kuyambira pamenepo. It's a Wonderful Life ya mu 1946 sinapindule kwenikweni itatuluka. Mu 1974 chilolezo cha umwini wake sanachikonzenso, nyumba za TV ku America zinayamba kuionetsa mowirikiza nyengo ya Khirisimasi poti inali yotsika mtengo, ndipo kutchuka kwake kunakulira pamenepo. Ena sanachite mwayi wotero. Mpaka cha m'ma 1950 mafilimu ankajambulidwa pa tepi ya nitrate imene imawola ndiponso imayaka moto wovuta kuzimitsa. Kafukufuku wa mu 2013 wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, anapeza kuti pa mafilimu aatali 100 alionse opanda mawu a ku America, pafupifupi 70 anatayika kotheratu. Mndandanda uliwonse ndi wa opulumuka.

Mphoto za Oscar musazitenge ngati chigamulo chomaliza. Citizen Kane inapikisana m'magawo asanu ndi anayi n'kupata imodzi yokha, ya kalembedwe ka nkhani.

FUNSO: Mafilimu akale pa TV yanga amaoneka zachilendo. Anthu amayenda mothamanga ngati nyerere, ena mitu imadulika, ena nkhope zimatambalala. Ankajambula chonchi? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Ayi mayi, zambiri mwa zimenezi ndi za kuno kwathu, ndipo zimakonzeka. Mafilimu ambiri akale amaweruzidwa molakwa chifukwa cha kaonetsedwe.

Tiyambe ndi kuthamangako. Mafilimu opanda mawu ankajambulidwa ndi kamera yopukusa pamanja, kawirikawiri zithunzi 16 mpaka 20 pa sekondi. Mawu atabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, liwiro linakhazikika pa zithunzi 24. Filimu ya zithunzi 18 ikaonetsedwa pa 24, chilichonse chimathamanga mowonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Makope okonzedwa bwino anawongola kale zimenezi. Ngati yanu sanaiwongole ndipo mukuonera pa pulogalamu yoonetsera mavidiyo ya VLC, tsitsani liwiro kufika pa 0.75 kapena 0.80 mpaka kayendedwe ka anthu kaoneke kachibadwa. Samalani ndi mafilimu oseketsa a Charlie Chaplin ndi Buster Keaton, chifukwa malo ena ankawathamangitsa dala. Ma DVD a PAL, amene ndi ofala kuno, amaonetsa zithunzi 25 pa sekondi, choncho filimu ya mphindi 120 imatha pa mphindi 115 ndipo mawu amakwera pang'ono. Zimenezo si zodetsa nkhawa.

Za mitu yodulikayo, mafilimu ambiri a 1953 isanafike ndi a 1.37:1 (kutambalala kwa chithunzi poyerekeza ndi kutalika kwake m'mwamba), pafupifupi ofanana mbali zonse, pamene TV yanu ndi ya 16:9. Filimu yotere iyenera kukhala ndi mizere yakuda kumanja ndi kumanzere. Mukadina Zoom kuti idzaze sikirini mwataya pafupifupi kota ya chithunzi, kumwamba ndi kumunsi. Mukadina Wide kapena Stretch nkhope zimafufuma. Mafilimu otambalala a CinemaScope, a 2.35:1, mizere yake imakhala kumwamba ndi kumunsi. Pa matepi akale a vidiyo ankawadula m'mbali kuti akwane pa TV ya kale, n'kutaya magawo opitirira 40 pa 100 alionse, ndipo makope ena a pa fulashi anachokera ku matepi amenewo. Mukaona anthu awiri akukambirana koma mukungoona mphuno ya mmodzi, kope lanu ndi lodulidwa. Pa Picture Size kapena Aspect Ratio sankhani Original kapena Just Scan.

Kenako zimitsani chosalaza kayendedwe ka zithunzi, chimene chimachititsa filimu kuoneka ngati sewero lojambulidwa pa foni. Pa LG chimatchedwa TruMotion, pa Samsung Auto Motion Plus, pa Sony Motionflow. Ngati TV ili ndi Filmmaker Mode kapena Cinema, sankhani imeneyo m'malo mwa Vivid kapena Dynamic. Tsitsani Sharpness ndipo zimitsani Noise Reduction, chifukwa timadontho ta m'chithunzi cha filimu yakale si zinyalala, ndipo mukatichotsa nkhope zimaoneka ngati za sera. Filimu ya black and white mphamvu yake ili pa mithunzi. Fayilo ya 300MB ya filimu ya maola awiri imasandutsa mithunzi yonse kukhala mabokosi akuda, choncho funani ya 720p kapena kuposa, imene imakhala cha m'ma 1GB kupita m'mwamba. Zimitsani getsi la pabalaza, ndipo pa TV ya mainchesi 32 khalani pa mtunda wa mita imodzi ndi theka mpaka awiri. Mawu olembedwa m'munsi akamatsogola kapena kutsalira, pa VLC ya pa kompyuta mabatani a G ndi H amawasuntha pang'onopang'ono.

Mafilimu ena sangaweruzidwe pa foni. Lawrence of Arabia ya mu 1962 anaijambula pa filimu yaikulu ya 65mm n'kuionetsa pa ya 70mm, ndipo malo ake otchuka ndi kadontho kakutali m'chipululu kamene kamakula pang'onopang'ono mpaka kukhala munthu wokwera ngamira. Pa foni kadonthoko sikaoneka mpaka nthawi itatha kale.

FUNSO: Tinakula tikuseka The Gods Must Be Crazy. Mwana wanga wa ku yunivesite akuti ndi filimu yonyoza anthu akuda ndipo tisamaionere. Akunena zoona? (Bambo wa ku Mzuzu)

YANKHO: Bambo, mwana wanu ali ndi mfundo, ngakhale kuti mawu oti musamaionere ife sitikugwirizana nawo. Filimuyi inatuluka mu 1980, yopangidwa ndi Jamie Uys wa ku South Africa pa nthawi ya tsankho la apartheid. Luso loseketsa lilipo ndithu. Malo a galimoto yopanda mabuleki pa geti anawakonza mwa njira ya mafilimu akale opanda mawu, kuthamangitsa zithunzi ndi kuwerengera nthawi mosaphonya, ndipo munthu wa chilankhulo chilichonse amaseka. Koma mvetserani wofotokoza wa kumayambiriro. Akulankhula za Asan a ku Kalahari ngati mmene amafotokozera nyama za m'nkhalango, anthu osadziwa ndalama, mkangano kapena dziko lakunja. Pa nthawi imeneyo Namibia, kwawo kwa N!xau amene anasewera munthu wamkulu wa m'filimuyi, inali m'manja mwa South Africa. Anthu a kwawo ambiri anali atasonkhanitsidwa ku Tsumkwe, ndipo amuna ena ankalembedwa usilikali wa South Africa. Filimuyi inagulitsa ku dziko lonse chithunzi chokoma chimene chinaphimba zonsezi.

Nkhani yomweyi ilipo pa mafilimu akuluakulu a ku America. The Birth of a Nation ya D. W. Griffith ya mu 1915 imaphunzitsidwa chifukwa cha kadulidwe kake kosinthanitsa zochitika ziwiri kuti mtima wa woonera ukwere. Koma ngwazi zake ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, anthu akuda ambiri m'menemo ndi azungu odzola zakuda, ndipo gulu la Klan linadzukanso chaka chomwecho. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linaitsutsa kuyambira pachiyambi, choncho si zoona kuti anthu a nthawiyo sankaona vuto. Gone with the Wind ya mu 1939 ndi yokongola zedi, koma imaonetsa ukapolo ngati nyengo yabwino imene inatayika. Hattie McDaniel, munthu wakuda woyamba kupata Oscar, anapata ndi filimu imeneyi mu 1940, koma pa mwambowo anamukhazika pa tebulo lapadera, ndipo pa chionetsero choyamba ku Atlanta sanapiteko chifukwa cha malamulo a tsankho. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Maganizo athu ndi awa. The Birth of a Nation ndi yofunika kwa wophunzira mbiri ya kanema, koma si filimu yoti titamande, chifukwa luso lake linatumikira bodza limene linapweteka anthu enieni. The Gods Must Be Crazy ioneereni limodzi ndi mwana wanuyo, muimitse pa mphindi khumi zoyambirira, mukambirane kuti akulankhula ndani ndipo amene sakupatsidwa mpata wolankhula ndani.

FUNSO: Bwanji m'mindandanda imeneyi mafilimu a ku Africa saoneka? Tilibe athu akale abwino? (Wophunzira za utolankhani, Blantyre)

YANKHO: Alipo, koma kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anayamba mochedwa, ndipo si mwangozi. M'maiko olamulidwa ndi France, lamulo la Laval la mu 1934 linkafuna chilolezo cha boma pa filimu iliyonse, moti Paulin Vieyra ndi anzake anakajambulira Afrique sur Seine ku Paris mu 1955. Kuno kwathu, Central African Film Unit kuyambira 1948 mpaka 1963 inkapangira anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri mafilimu ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kumvera boma, koma olemba ndi otsogolera ambiri anali azungu.

Yambani ndi atatu awa. Black Girl ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya mu 1966, ndi ya ola limodzi lokha. Mtsikana wa ku Dakar akutsatira mabwana ake ku France poganiza kuti akukalera ana, n'kupezeka watsekeredwa m'nyumba ngati wantchito wopanda dzina. Aliyense amene ali ndi m'bale wogwira ntchito za m'nyumba kunja aimva msanga. Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty, ya mu 1973, ndi ya achinyamata awiri olota za ku Paris, oyenda pa njinga yamoto yomangirira nyanga za ng'ombe. Kadulidwe kake ndi kodumphadumpha, ndipo malo ophera ng'ombe ndi ovuta kuwayang'ana. Yeelen ya Souleymane Cissé wa ku Mali inapata mphoto ya oweruza pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 1987. Mu 2022 Touki Bouki ndi Black Girl zonse zinali mwa 100 oyambirira a Sight and Sound.

Taonani chimene chinathandiza. Touki Bouki inakonzedwanso mu 2008 ndi bungwe losamala mafilimu a m'maiko osiyanasiyana limene dairekita wa ku America Martin Scorsese anayambitsa mu 2007, ndipo pambuyo pake inafika kwa anthu ambiri amene anali asanaione. Neria ya ku Zimbabwe, yonena za kulanda katundu wa mayi wamasiye, inagwira mitima m'chigawo chathu chonse, koma ovota a Sight and Sound ambiri sangaitchule poti sanaione.

Apa pali phunziro la ntchito kwa opanga mafilimu a ku Malawi, kaya ndi Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat za Shemu Joyah kapena ya wachinyamata amene akuyamba kumene. Kope la pa YouTube ndi lofinyidwa, silingalowe m'malo mwa kope lenileni. Sungani fayilo yaikulu yosafinya kwambiri, monga ya ProRes, m'makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale ku nyumba ina. Mawu a osewera, nyimbo ndi phokoso lina muzisunge padera, pamodzi ndi mawu omasulira ndi mapangano a umwini. Hard drive yongokhala m'kabati imafa mwakachetechete, choncho muziiyatsa chaka chilichonse ndi kukopera zonse pa yatsopano pakatha zaka zinayi kapena zisanu.

FUNSO: Ku vidiyo sho kwathu filimu yakale imene anthu amaifunabe ndi ya Bruce Lee. Akatswiri anuwo amaiwerengera? (Mnyamata woonetsa mafilimu, Ndirande)

YANKHO: Achimwene, makasitomala anu sakulakwa. Enter the Dragon inatuluka mu 1973, Bruce Lee atangomwalira kumene pa 20 July ali ndi zaka 32, ndipo mu 2004 Library of Congress inaiika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa ku America. Nkhani yake ndi yopyapyala, ndipo pamene Lee palibe filimuyo imafooka. Koma ndewu zake yerekezani ndi za mafilimu ambiri a lero. Werengani kuti adula kangati pa masekondi 30, ndipo onani ngati thupi la womenyayo likuoneka lonse. Kwa Lee kamera imaima patali n'kudikira, chifukwa palibe chobisa. Kumene adula pafupipafupi ndi kugwedeza kamera, kawirikawiri akubisa kuti woseweraro satha kumenya.

Makope omasuliridwa m'Chichewa, amene womasulira amalankhula pamwamba pa mawu a filimu, amayenda bwino ndi mafilimu otere, poti nkhani ili m'manja ndi m'miyendo. Amawononga mafilimu odalira bata ndi nyimbo, chifukwa womasulira amadzaza mpata uliwonse. Ngati mukufuna kuyesa ina yakale pa anthu anu, pezani Seven Samurai ya Akira Kurosawa ya mu 1954: alimi osauka akulemba ankhondo asanu ndi awiri kuti ateteze zokolola zawo kwa achifwamba, malipiro ake chakudya basi. Ndi ya mphindi 207 ndipo ili ndi malo opumira pakati, choncho mutha kuionetsa magawo awiri. Ola loyamba ndi lofunafuna ankhondowo, ndiye muwachenjezeretu anthu kuti nkhondo yaikulu ya m'mvula ndi m'matope ili kumapeto, ndipo batire kapena jenereta ikhale yokonzeka magetsi asanakudulireni pamenepo.